Mawu a Selestina m'Chipembere

Petauke, zaka za chipani chimodzi

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse amalume anu, amazikamba bwino kuposa ine ndipo amawonjezerako zawo. Ine ndiyambira pamene ndinalowa ntchito pagalaja ya boma ku Petauke, ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, nditangomaliza kosi ya zamagetsi a galimoto. Ndinafika ndi kabokosi ka zipangizo ndi matama ambiri. Matamawo sanachedwe kutha nditakumana ndi folomani wathu, ba Chileshe, Mbemba wamfupi wa mawu aakulu, amene ankatitcha tonse akum'mawa kuti odya mbewa. Ifenso tinkawabwezera za anyani akwawo, monga mwa chibale chathu ndi Abemba, koma tikagwira sipanala nthabwala zinkathera pomwepo.

Zaka zimenezo chilichonse chinali chosowa. Tepi yokulungira mawaya ikatha tinkadula malegeni a chubu chakale. Madzi a batire tinkatchera mvula m'beseni. Galimoto ikafa sitinkailira, tinkaisenda ngati mbuzi, mpaka kababu ndi kanati komwe, kuti zinzake ziyende. Pa magalimoto onse a pabomapo ine ndinakonda imodzi, yadizilo, yokoka ndi mateyala onse anayi, imene tinaipatsa dzina loti Chipembere chifukwa sinkadziwa kulambalala chitsa. Nkhondo itakula ku Mozambiki, ndi Chipembere yemweyo amene ankanyamula akuluakulu a boma kupita kumalo a othawa nkhondo, n'kumabwerako ali matope mpaka padenga.

Chipembere anali ndi mabatire awiri olumikizana, opereka mavoti 24, pamene galimoto wamba ili ndi imodzi ya mavoti 12. Madalaivala ankakonda kuba magetsi pa batire imodzi kuti alumikize kawailesi kawo. Kawailesiko kamaimba ndithu, koma batire yobedwayo imafooka pang'onopang'ono, inzake n'kumakhuta mopitirira, ndipo tsiku lina uli kutchire umapotoza kiyi n'kumva zii. Ba Chileshe anali ataonapo galimoto itafa choncho ili ndi wodwala m'kati, ndipo wodwalayo sanafike kuchipatala. Ndiye ankandigwira khutu, ine munthu wamkulu kale, n'kunena kuti: "Iwe Daka, aya mabatili ni mapasa. Ukalanda umozi chakudya, afa onse awili. Nikakupeza wagwila batili imozi, uzayenda kwanu kukakumba mbeba." Lamulo limenelo linandilowa m'mafupa, moti zaka zonse za pabomapo sindinaliphwanye, ngakhale dalaivala abwere ndi nkhuku.

Pambuyo pa chisankho cha 1991

Zipani zitachuluka, katundu nayenso anachuluka. M'masitolo munadzaza zinthu zimene kale tinkazifolera pamzere, salaula, zovala zakale zochokera kunja, anayalidwa msika wonse, ndipo magalimoto akale a ku Japani anayamba kuyenda mumsewu wa ku Chipata ali ndi mabatani amene sitinawaonepo. Koma galaja yathu inayamba kuonda. Anatiuza kuti boma silingamasunge amisiri ambiri chotero, magalimoto akale anawagulitsa pa okushoni, ba Chileshe anabwerera kwawo, ndipo ine ndinapatsidwa kalata yondithokoza. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinasamukira ku Nyimba, kwawo kwa amayi anu, n'kumanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthochi. Inu akuluakulu mukukumbukira, mukaweruka kusukulu munkandipeza ndagona pansi pa kalole ka kanta ka munthu.

Nyimba, dzinja lina kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Tsiku lina m'mawa ndinamva injini imene ndinaizindikira ndisanatukule mutu. Anali Chipembere, atapentedwa mtundu wina, zitseko zomangidwa ndi waya, koma kutsokomola kwake kuli komwe kuja. Anatsikamo bambo wamtali dzina lawo aDomingo, mmodzi wa anthu a ku Mozambiki amene sanabwerere kwawo nkhondo itatha. Ankalima thonje ndi kugula chimanga kumidzi ya ku Msanzala, ndipo ndiwo anagula Chipembere pa okushoni paja.

"ADaka, aniuza ku Petauke kuti mawaya a motoka iyi muwadziwa ndimwe," anatero, akuika katoni pabenchi panga. "Nifuna ichi chiimbe lelo kapena mailo."

M'katonimo munali wailesi ya galimoto, masipika awiri, chingwe chonenepa, ndi bokosi lachitsulo lotuwa lalikulu ngati Baibulo la paguwa. Anazigula ku Lusaka kwa anthu ophwasula magalimoto a ku Japani. Bokosilo anati ndi chenja, ndiye kuti makina amene umaikamo zimbale za sidi zingapo pamodzi, iwo n'kumasankha okha choti aimbe. Ine za sidi ndinkangozimva. Ndinaseka n'kuwafunsa ngati thonje lawalipira bwino chotero mpaka kufuna dansi m'galimoto yopanda ndi galasi lakumbuyo lomwe.

Sanaseke. Anatulutsa m'thumba la jekete kanthu kokulungidwa m'mpango n'kunena kuti, "Amai anasiya kudya. Akamba ati apita kwa Sele."

Anakhala pa teyala n'kundifotokozera. Amayi awo, amai Luwiza, anali okalamba ndiponso osaona. Pamene anthu ankabwerera ku Mozambiki, mwana wawo wamkazi Selestina anapita ndi mwamuna wake, koma amai Luwiza anatsala ndi aDomingo chifukwa analibe mphamvu za ulendo. Posakhalitsa kunamveka mphekesera yoti lole ina ya obwerera inaponda bomba, ndipo iwo anatsimikiza mumtima kuti Selestina anali momwemo. Mauthenga a Selestina ankafika ndithu, koma onse ankadzera pakamwa pa anthu, ndipo pakamwa pa anthu amai Luwiza anali atasiya kupakhulupirira. Mukudziwa mwambo wathu, kuti munthu wodwala kapena wokalamba sitimuuza za maliro msanga, timati ayambe wapeza mphamvu. Banja limeneli linachita zomwezo nthawi ya nkhondo: mwana woyamba wa amai Luwiza ataphedwa anawabisira nthawi yaitali, n'kumawapatsira moni wochokera kwa munthu amene anali m'manda. Chifundo chimenecho ndicho chinadzawatembenukira. Tsopano aliyense akati Sele ali moyo, iwo ankangoyankha kuti, "Na uja munakamba chimozimozi."

"Nanga bwanji osapita kukamutenga?" ndinafunsa.

"Na mvula iyi? Akhala kuseli kwa Tete, milatho yayenda na madzi. Nikabwelako nizapeza amai anaikiwa kale. Ichi ndiye chafika, na dalaivala wa thilaki. Kwaya ya kutchalitchi kwawo inajambula, ndipo otsogolela nyimbo ni Sele."

Anamasula mpango uja n'kundipatsa chimbale cha sidi chimene chinali m'katimo. Ana anga, inu mwakula zinthu zimenezi zili mbwee, mpaka mumazimangirira panjinga kuti ziziwala, choncho simungamvetse. Ine ndinakulira pa galamafoni, pamene umaona ndi maso ako singano ikuyenda mumzere, ndi pa kaseti imene ukaitsegula umaona lamba wake. Ichi chinali chopepuka, chosalala ngati galasi, chopanda mzere wogwirika ndi chala. Nditachipendeketsa padzuwa chinatulutsa utawaleza, ndipo ndinaona nkhope yanga yamafuta ikundiyang'ana. Ndinafunsa kuti singano yake imakhala pati. ADomingo anati ogulitsa anawauza kuti palibe singano, makinawo amawerenga ndi kuwala. Ndinachitembenuza uku ndi uku, kufunafuna pamene kwaya yathunthu ingabisale, ndipo ndinachita mantha ngati ndagwira chinthu cha paguwa ndi manja osasamba.

Nditayang'ana kumbuyo kwa wailesi ndi chenja, ndinapeza vuto. Zonse zinali za mavoti 12. Kuzilumikiza ku magetsi onse a Chipembere kukanakhala kuziwotcha nthawi yomweyo. Njira yoyenera inali kuika kachipangizo kotsitsa magetsi, koma ku Nyimba ndi ku Petauke kunalibe, ndipo kutuma kondakitala wa basi ku Lusaka kunali kudikira mpaka iye atakumbukira. Ndinati nditenge batire yanga yapabenchi tikaimbe kamodzi basi.

"Kamozi?" anatero aDomingo. "Simuwadziwa amai. Akavomela kuti ni Sele, azafuna kumumva tsiku lililonse. Ndipo kumudzi kwathu malaiti ali mu motoka iyi chabe."

Njira yotsala inali ija yoletsedwa ndi ba Chileshe, yoba magetsi pa batire imodzi, yokakumbitsa mbewa. Ndipo pocheza ndinamva chimene chinandilemetsa kwambiri: kumidzi imeneyo Chipembere ndiye yekha ankanyamula odwala ndi amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala cha ku Minga. Mabatire ake ndinawayesa, ndipo onse awiri anali otopa kale. Ndinazungulira galimotoyo ndikudzilankhulira ndekha, mpaka amayi anu, amene anabwera ndi tiyi, anandifunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Mbali ina kunali mudzi wonse ndi ngozi imene mwina ikanabwera, mbali ina mayi mmodzi amene imfa yake inali itayamba kale ulendo. Ndinavomera, koma ndinawalumbiritsa aDomingo: ndiika fyuzi ndi swichi yakeyake, chenja iziimba pokhapokha injini ikulira, ndipo Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi azisinthanitsa mabatirewo malo, mpaka kachipangizo kaja katafika.

Ntchitoyo inandidyera tsiku lonse. Wailesi inalowa bwino pamene panali bowo la yakale. Masipika ndinawaboolera m'zitseko. Chenja sindinafune kuiika pansi pa mpando, chifukwa ndinkadziwa mmene madzi amalowera m'Chipembere powoloka mitsinje, ndiye ndinaiimika chilili kumbuyo kwa mpando, n'kuyala mphira ya chubu pomangira kuti isamve mabampu. Nditayatsa, inangolira pang'ono m'kati n'kukhala chete. Ndinayesa mawaya onse, ali bwino. Ndinayamba kuganiza kuti ndaphwanya lamulo la moyo wanga wonse chifukwa cha bokosi lakufa. Ndinaimasulanso n'kuiika pabenchi chogona, ndipo inadzuka. Kuiimika, zii. Kuigoneka, moyo. Pamenepo ndi pamene ndinaona m'mbali mwake tizitsulo tiwiri topotoza, tili ndi zilembo za Chijapani ndi tizithunzi, kena ka bokosi logona, kena ka bokosi loimirira. Ndinasuzumira pampata n'kuona kuti makina onse a m'katimo sakhudza khoma, amalendewera pa masipuling'i, ndipo tizitsuloto timawauza kumene kuli pansi. Munthu wina kutsidya kwa nyanja, amene sanaumvepo n'komwe msewu wa ku Msanzala, anali atakhala pansi n'kuganizira mabampu athu. Ndinavula chipewa ndili ndekha pabenchi.

Nditapotoza tizitsulo tija n'kuibwezera, ndinafuna kuyesa ndi chimbale cha Selestina, koma aDomingo anandigwira dzanja. "Iyayi. Ayambe amai." Mwamwayi m'kabokosi koikamo zimbale munali mutatsalira chimodzi cha mwini wake wakale. Ndinakankha kabokosiko, chenja inakameza, ndipo tinamva m'kati tizinthu tikuyenda, kukoka, kunyamula, ngati muli kamunthu kogwira ntchito mosamala. Kenaka m'zitseko za Chipembere munatuluka mawu a mkazi wa ku Japani, oyera mbee, opanda phokoso lija la kaseti longa mvula padenga. Amayi ogulitsa nthochi anasiya madengu awo n'kubwera. Mmodzi anasuzumira pansi pa mpando kuti aone ngati tabisamo munthu, ndipo sindinamuseke, chifukwa nanenso ndinkafuna kusuzumira.

Msanzala, tsiku lotsatira

Ndinatseka shedi n'kupita nawo, poti sindikanagona ndisanadziwe. Titasiya tala ku Petauke msewu unali matope ndi maenje, koma mkazi wa ku Japani uja sanadumphe ngakhale liwu limodzi. Tinafika dzuwa litapendeka. Ndinawauza aDomingo kuti aimike galimoto pamtsetse, mphuno yoloza kumunsi, kuti ikakana kulira tidzaikankhe.

Amai Luwiza anawatulutsa m'nyumba atawanyamula pampando wa ndalema. Anali atatha, manja ngati timitengo, koma lilime linali lamoyo.

"Domingo, wabwela na bodza lina?"

"Nabwela na aDaka, amai, amisili a ku Nyimba."

"Ndiye mwabwela awili kuti bodza lileme. Fikani, bambo, muli bwanji?"

Ndinagwada n'kuwapatsa moni, kenaka tinawaika pafupi ndi chitseko chotsegula, pamene panali sipika. Anthu a m'mudzimo anali atatizungulira. ADomingo analiza injini, ine ndinaika chimbale cha Selestina n'kukanikiza batani. Kunamveka ng'oma ndi chisekese, kenaka mawu a mkazi mmodzi akukwera okha, kwaya n'kumulandira. ADomingo anatembenukira kumbali n'kuphimba nkhope. Amai Luwiza sanagwedezeke mpaka nyimbo inatha.

"Ni Sele," anatero. Anthu anayamba kuwomba m'manja, koma iwo anakweza dzanja. "Ni Sele, inde. Koma wailesi iimbitsa na akufa omwe. Namvapo ine anthu amene anaikiwa kalekale ali kuimba mu wailesi."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo panalibe sipanala yokonzera zimenezo. ADomingo anayamba kulumbira, kutchula dalaivala wa thilaki, kutchula ansembe, koma amayi awo anawadula.

"Leka phokoso. Na chigayo chanu icho zimitsani. Nimvele mwana wanga bwinobwino kamozi, basi nikagone."

ADomingo anandiyang'ana. Lamulo ndinali nditaika ndine, dzulo lake lomwelo, ndipo mabatire otopa aja ndinkawadziwa ndine. Ndinayang'ana mtsetse, ndinayang'ana mitambo ya mvula imene inkasonkhana, ndipo ndinalowetsa dzanja n'kuzimitsa injini ndekha.

Bata limenelo sindidzaliiwala. Ndinakanikiza batani ndipo nyimbo inabwerera poyambira nthawi yomweyo, popanda kupota lamba. Tsopano tinamva zonse. Tinamva benchi ikulira m'tchalitchi cha kuseri kwa Tete, tinamva wina akukonza kukhosi, mwana akulira chapatali. Ndipo Selestina asanayambe mzere uliwonse tinkamumva akukoka mpweya, ngati waima pakati pathu. Amai Luwiza anasendeza mutu mpaka khutu linagunda sipika.

"Bwezani apo."

Ndinabweza.

"Bwezaninso. Apo pamene akwela."

Ndinabweza kangapo, milomo yawo ikuyenda pamodzi ndi nyimbo. Kenaka anawongoka pampando, munthu amene anachita kunyamulidwa.

"Mawu aya akula," anatero. "Uyu si mtsikana uja anakwela lole. Mawu alemela, ni a mzimai wa zaka zake." Anasendezanso khutu kusipika. "Nanga apumilanji pakati pa mzele? Nyimbo iyi n'namuphunzitsa ndine, apo sitipuma. Sele amafika kumapeto na mpweya umozi." Mwadzidzidzi anamenya ntchafu yawo. "Ali na pakati! Mwana wakwela, wamupanikiza pachifuwa. Ni mmene anali kuimbila ali na mimba yoyamba. Domingo! Mlongo wako ali na pakati ndipo iwe sunaniuze?"

"Sin'nadziwe, amai," anatero aDomingo, misozi ili chuchuchu, akuseka nthawi yomweyo.

"Udziwa chani iwe? Thonje chabe." Anatembenukira kumene kunali apongozi awo, akazi a aDomingo. "Phala lija munataya?"

"Lilipo, amai, koma lazizila."

"Bweletsani. Muikemo na nsinjilo, sinine wodwala ine."

Anadya pomwepo pambali pa galimoto, pang'onopang'ono, nyimbo ikuimba, ndipo aliyense woyesa kulankhula ankamukalipira. Ine ndinakhala pa sitepe ya Chipembere. Ndagwira mawaya moyo wanga wonse, ndipo pambuyo pake ndinaika machenja ambiri m'magalimoto a anthu, koma mpaka lero sindimvetsa kuti kuwala kungatole bwanji mpweya wa munthu kutsidya kwa malire, n'kuusunga m'kagalasi, n'kudzaupereka m'khutu mwa mayi ake uli wathunthu, pamodzi ndi chinsinsi chimene mwini wakeyo sanatume.

M'mawa mwake Chipembere anazengereza, anabuula, koma analira osakankhidwa. Kachipangizo kotsitsa magetsi kanafika mvula isanathe, ndipo ndinapita ndekha kukakaika, n'kuchotsa waya wakuba uja ndi mtima wopepuka.

Uthenga wochokera ku Mozambiki unafika nthawi yokolola, misewu itauma. ADomingo anandiuza kuti anathamanga nawo kuchokera pamsewu mpaka kunyumba, n'kupeza amayi awo ali pamphasa akusenda nsawa. Anagwada, wefuwefu, n'kunena kuti Selestina wachira, mwana ndi wamkazi. Amai Luwiza sanasiye n'komwe kusenda.

"Mwachedwa," anatero. "Dzina n'nasankha kale."